Pasiwedi ya pa Maliro

Netiweki siinkafika kuchipinda kwa amama, ndiye ndinagula kabusta kowonjezera waifai. Kankagwira bwino mpaka pa maliro a atsibweni, pomwe ndinapereka pasiwedi kwa aliyense wondipempha. Pamaliro munthu sum'mana kanthu. Kuyambira tsiku limenelo, amama akamaimbira mlongo wanga wa ku Lusaka pa vidiyo, nkhope yake imangouma pafoni.

"Mwanawe, kachinthu kako kaja kafa?"

"Ndi makomawa, amama," ndimanama choncho, n'kukwera pampando kukasamutsira pawindo lina.

Kusintha pasiwedi ndimadziwa. Koma anthu amene amatsamira mpanda wathu ndi mafoni m'manja ndi omwe aja anatikumbira manda, ndiye ndimangoisiya choncho. Dzulo a Tembo, aneba athu, anandithokoza kuti pawindo latsopanoli kakukoka bwino kwambiri.