Ziwala Zosathawa

Lachinayi lapitali ndinadzuka popanda wondidzutsa.

Musaseke. Kwathu kuno, kumapiri a kumtunda kwa Malomo, nyengo ya mvula munthu sadzuka yekha. Amamudzutsa apumbwa a mumtengo wa mapichesi, achule a m'ngalande, ndi nkhululu zochedwa kuleka nyimbo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuzinena kuti n'zaphokoso. Tsikulo sipanamveke ngakhale chimodzi. Kutsidya kwa dambo tambala wa eni ake ankalira. Pakhomo panga panali zii, ngati kumanda anthu atabalalika.

Ndinatuluka. Kapinga wanga anali pomwepo, wobiriwira, mame ali mbuu. Diso silinaone chosowa.

Ndiyambe ndanena za kapingayo.

Inu akumudzi mukudziwa kuti bwalo la kwathu limasesedwa mpaka dothi kuwala. Amayi amati padothi loyera njoka imasiya mzere, ndipo m'mawa umadziwa chimene chadutsa. Sindikutsutsa. Koma ine nditalekeza sukulu ndidagwirapo ntchito m'munda wa maluwa pamishoni, ndipo kumeneko ndidaona kuti dothi lovala silithawa ndi madzi. Nyumba yanga ili pachitunda. Mvula iliyonse inkakumba maziko ake. Ndidapempha timizu ta kapinga, ndidatibweretsa m'chipewa, n'kutibzala ndi chala.

Anthu adandiseka. Ankati aPhiri afuna kusanduka mzungu. Ena mpaka lero akamadutsa amati, "Moni bwana, tiyi wapsa?" Ndimawasiya. Maziko a nyumba zawo ali pamtunda, anga ali pansi.

Pa udzu umenewu sindidathirepo kanthu kogula. Ndowe za ng'ombe zowola bwino, phulusa la kukhitchini, ndi chikwakwa, basi. Chisoso chikamera ndimazula ndi dzanja. M'mbali ndidabzala mpungabwi wothamangitsa udzudzu, ndi mpanda wa maluwa achikasu. Zotsala zimadzichitira zokha. Nyongolotsi zimalima pansi. Abuluzi amalondera pamwamba. Nanzikambe amakhala mumpanda, sapempha malipiro. Ndipo mvula ikagwa, ana amathamangitsanapo ndi ziwala.

Tsopano za mkamwini wanga, aMwale, mwamuna wa mwana wanga Esinala. Adamanga kuseri kwa nyumba yanga monga mwa mwambo. Ndi mlimi wa fodya wolimbika, salawa mowa, ndipo sindimunyoza. Ali ndi pampu yobereka kumsana, ndi chitini cha mankhwala otsala ku nazale ya fodya, chojambulidwa chigaza ndi mafupa.

Masiku apitawo anaona kanjoka kobiriwira pa kapinga, pafupi ndi pamene mwana wawo Tiyanjane amasewera. Anabwera, nanjuta chapatali monga achitira mkamwini.

"Bambo, udzu uwu ukusunga zinthu. Ndikangopopera kamodzi, zonse zithera pompo."

"Zonse ziti?"

"Zokwawa zonse, bambo."

"Kanjoka kaja kamadya achule, sikaluma munthu. Ndakhala nako nthawi yaitali kuposa imene ndakhala ndi inu, ndipo sikanandivutepo."

Anaseka pang'ono, nati, "Chabwino, bambo."

Chabwino wa mkamwini mumamudziwa.

Lachiwiri ndinapita ku Malomo ku msonkhano wa akulu a mpingo, ndipo ndinagona komweko. Pobwera Lachitatu madzulo ndinamva kafungo konga palafini wosakaniza ndi adyo. Ndinayesa kakuchokera ku chigafa cha fodya. Panalibe wondiuza kanthu.

Ndiye m'mawa wa Lachinayi uja ndinatsika pakhonde n'kuyamba kuyenda pa udzu.

Nyongolotsi zinali zitatuluka pansi, zitawongoka ngati timitengo. Patsinde pa mtengo wa mapichesi panali chule, atakhala bwinobwino ngati akufuna kudumpha, maso ali tong'o. Ndinamukhudza ndi ndodo. Anagwa chagada, miyendo ili momwemo. Mumpanda, nanzikambe anali lende ndi mchira wake, mutu pansi, atada bii.

Chimene chinandiopsa si imfayo ayi. Imfa ndaiona yambiri. Chinandiopsa n'chakuti panalibe wodzatenga maliro. Munaonapo chakufa chopanda nyerere? Chopanda ntchentche ngakhale imodzi? Chilichonse chinangokhala pamene chinafera, choyera, chosakhudzidwa, ngati wina wachikonza kuti ndidzachione.

Pamenepo ndinamva mawu kuseri kwa nyumba.

"Agogo! Agogo, taonani!"

Anali Tiyanjane. Ndi kamtsikana kosayamba sukulu, kamene kamathamanga kusiyana ndi kuyenda. M'manja anali ndi kachitini, ndipo m'kachitinimo munali ziwala zodzaza mpaka pakamwa.

"Lero sizikuthawa, agogo. Zikungondidikira!"

Inu a m'tauni mwina mudaiwala. Chiwala sichigwidwa chagona. Mwana amathyola kanthambi, n'kuthamanga m'mawa wonse, kugwa, kudzuka, kulira, ndipo akapeza zodzaza dzanja amayenda ngati wapha njati. Amazithothola mapiko n'kuziwotcha pamakala. Ndi ndiwo za mwana, ndiponso ndi sukulu ya miyendo. Koma uyu anali ndi chitini chodzaza, mpweya uli m'malo, thukuta palibe.

Ndinayang'ana pakamwa pake. Panali pakuda ndi makala.

"Wadyako?"

"Pang'ono pokha. Ndawotcha pamoto wa agogo aakazi. Koma zikuwawa, agogo. Sizikukoma ngati zakale."

Malovu anali akutsika pachibwano, iye osadziwa.

Ndinakuwa. Sindine munthu wokuwa, choncho mudzi wonse unamva. Mkazi wanga, aNambewe, anatuluka ndi mtsuko m'manja. Diso lawo linayamba kugwera pa nanzikambe uja, ndipo mtsuko unagwa.

"Mayo ine, malodza! APhiri, pakhomo pano pafa munthu!"

"Malodza ake ali m'chitini cha aMwale. Itanani make wa mwana."

AMwale anabwera chothamanga. Za kunjuta anaiwala. Anaona ziwala, anaona udzu, anaona ine. Mwana anayamba kusanza, kenako kunjenjemera ngati wa malungo, pamene thupi lili lozizira. Esinala anamubereka, aMwale anakankha njinga.

"Tengani chitini chanu," ndinatero. "Adokotala akaone chimene mwamudyetsa."

Anachimanga kutsogolo kwa njinga, ndipo anatsetsereka phiri kulowera kuchipatala.

Ife tinatsala.

Amayi a m'mudzi anabwera mmodzimmodzi, monga amachitira pakakhala matenda aakulu. Anakhala padothi, kunja kwa kapinga. Panalibe anaponda udzuwo. Ankauyang'ana chammbali ngati ndi munthu amene angamve. Ndipo poti kunalibe mbalame, mawu aliwonse a kunong'ona ankafika pakhonde.

"Ife tidanena."

"Udzu pakhomo, ngati pa bwinja."

Wina wachikulire anakweza mawu kuti ndimve bwino: "Bwalo losesa silidaphepo mwana."

"Ngakhale udzu sudaphepo," ndinayankha. "Funsani chimene chathiridwapo."

Koma ndinaona kuti sindinawagonjetse. Kwa iwo mlandu unali wa udzu.

Apa mundimve bwino. Sindikutsutsa boma, sindikutsutsa alangizi a zaulimi. Khadi langa la chipani lili m'thumba ngati la wina aliyense. Fodya wamanga nyumba za malata kuchokera ku Kasakula mpaka ku Madisi, ndipo mbozi ikalowa mu nazale sungaichotse ndi pemphero. Mlangizi adanena kuti mankhwalawa ndi a nazale. Sadanene kuti ndi a pabwalo.

Vuto ndi lathu. Ife sititaya chotsala. Ndi mmene adatilerera, ndipo pa zinthu zambiri ndi nzeru. Nsalu ikatha timasokera chigamba. Khasu likatha timapatsa mwana. Ndiye mankhwala akatsala m'chitini, mtima umawawa kuwaona atangokhala. Wina amawaza pa mphasa kuti aphe nsikidzi. Wina amasambitsira mbuzi. Wina amathira m'nkhokwe, pa chimanga chimene adzadye yekha. Wina amakathira padziwe kuti nsomba ziyandame, n'kubwera kunyumba akuimba. Winanso amawasunga m'botolo la zakumwa, pawindo, pamene mwana amafikira. Ndikunama? Suzumirani padenga la khitchini yanu.

Ndipo pali china chimene wopanga mankhwalawa, kudziko kwawoko, sadziwa. Kwawo bwalo ndi loyang'ana. Kwathu bwalo ndi mbale. Pamenepo timatola ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Timakumba nkhululu. Timathyola bonongwe womera kuseri kwa khola. Timazula bowa patsinde pa mtengo. Nkhuku imatola zake, ife n'kudya nkhukuyo. Munthu wopopera bwalo la kwathu akupopera m'mbale ya mwana wake.

AMwale zimenezi amazidziwa. Nayenso adakula ndi ziwala. Koma ataona njoka anaiwala zonse, nangokumbuka kuti ali ndi pampu. Safunsa adadya phula. Uyu anafunsa, anayankhidwa, n'kudyetsa mwana.

Ambiri a inu mumafuna pakhomo popanda chokwawa, popanda chouluka, popanda cholira. Mumati ndiwo ukhondo. Ine pakhomo potero ndapaona tsopano. Ndakhalapo. Mumamva mtima wanu ukugunda. Mumamva mkazi wanu akumeza malovu kuchipinda. Dzuwa likalowa mumadikira kuti china chiyambe kulira, ndipo sichiyamba. Mungautche ukhondo ngati mukufuna. Kwathu malo otere timawalambalala.

Tiyanjane anabwera Loweruka, ali kumsana kwa make. Wachira. Maso alowa, miyendo ndi yofooka, koma anapempha chimanga chowotcha, ndipo mwana wopempha chakudya wabwerera. Tinathokoza Mulungu.

Madzulo ake aMwale anabwera ndi khasu paphewa. Ulendo uno sananjute. Anagwada, maondo onse padothi.

"Bambo, ndalakwa. Ndilibe pothawira."

"Mulibedi."

"Ndiloleni ndikonze. Ndilambule udzu wonsewu, tiuwotche, pakhale dothi loyera. Anthu aleke kulankhula."

ANambewe anali pakhomo la khitchini. Analowererapo.

"Alekeni alambule, aPhiri. Ine mtima wanga sukukhala pansi. Ndikauyang'ana ndikuona nanzikambe uja. Mwafuna tiyambe taika maliro kuti mumve?"

Ndinawayang'ana onse awiri. Mkazi wanga sanali kunena zachibwana. Chiyambire Lachinayi amatuluka ndi khomo la kuseri.

"AMwale," ndinatero, "mukalambula, mankhwala anu apita kuti?"

Anayang'ana khasu lake.

"Ali m'dothi. Udzu ndiwo ukugwira dothilo. Mukauchotsa, mvula ya mawa ikokolola zonse kulowa m'ngalande. Ngalande imathera kuti?"

"Ku chitsime, bambo."

"Amatunga kumeneko ndani?"

Anaweramitsa mutu. Khasu analigoneka pansi.

Ndinamuuza chochita. M'malo molambula, anakadula minga kuphiri, ndipo tinazinga kapinga yense ngati khola. Zakufa zonse anatola yekha ndi fosholo n'kukazikwirira kutali ndi madzi. Nkhuku tazitsekera. Mbuzi tikumanga kudambo. Mwana saponda pamenepo, wamkulu saponda. ANambewe sanakondwe, ndipo amayi aja akuti ukalamba wandilowa m'mutu. Anene. Udzu sukuchoka.

Atamaliza kuzinga, aMwale anaima m'mbali mwa minga, akupukuta magazi m'zala.

"Bambo, mpaka liti?"

"Mpaka chule alire."

"Chule?"

"Ine ndilibe makina oyezera dothi. Inunso mulibe. Chule akabwerera n'kulira, nyerere zikayambanso kunyamula katundu, ndiye kuti pachira. Amene akanatiuza ndi omwewo munawapha. Tsopano tidikira abale awo."

Anayang'ana udzu kupyola minga. Kenako anafunsa motsitsa, ngati akuopa kuti udzu umva.

"Nanga akapanda kubwera?"

Sindinamuyankhe. Ndine wamkulu, ndipo wamkulu sayankha chimene sadziwa.

Mvula yagwa chigwere. Kapinga wakula, wabiriwira kuposa kale, wokongola moti mlendo wina dzulo anaima pamsewu n'kumuyamikira. Tiyanjane amakhala pakhonde, chibwano pamaondo, kuyang'ana kupyola minga. Amamvetsera, monga ndimvetsera ine.

Funso la mkamwini wanga likadali pomwe analisiya. Inu amene muli ndi chitini chotsala padenga, ndipo dzanja likukuyabwani, mungamuyankhe?