Nthano Imene Inachotsetsa Aphunzitsi Athu

Bambo anga anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu, kuseri kwa phiri la Mphunzi. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi chokha m'dziko lonse, ndipo munthu wopanda khadi lake sankalowa mumsika kapena kukwera basi. Makhadiwo ankagulitsidwa pakhonde pathu. Ndinakula ndikuona akuluakulu akuvula zipewa akamadutsa pakhomo pathu, ndipo ndinkaganiza kuti amatikonda.

Ndili sitandade 5 tinalandira aphunzitsi atsopano, mayi wamasiye wochokera ku Ntcheu, wamtali, wosakonda kuseka. Ankakhala m'kanyumba ka sukulu ndi mwana wawo wamng'ono, ndipo kuseri kwake analima kabichi ndi mbatatesi. Poyamba sitinkawakonda, chifukwa ankalanga ochedwa ngakhale mu Juni, chisanu chitatiumitsa zala mpaka kulephera kugwira pensulo. Koma Lachisanu lililonse tisanaweruke ankatseketsa mabuku n'kutiuza nthano. M'nthano zawo munalibe nyama zolankhula. Munkakhala anthu onga ife, ndipo akamaliza ankatifunsa mafunso.

Chaka chimenecho mnzanga amene ndinkakhala naye benchi limodzi anasowa. Makolo ake anali a mpingo umene sunkalola kugula khadi. Anyamata a chipani anawatenthera nyumba ndi nkhokwe, banja lonse n'kuthawira ku Mozambiki. Lolemba pamalo pake panalibe munthu, ndipo palibe amene anatchula dzina lake. Ine ndinkadziwa amene anatsogolera anyamatawo, chifukwa malaya a bambo anga ndinachapa ndine, akununkha utsi.

Lachisanu la sabata yomweyo aphunzitsi anatiuza za mlimi wina wa mbatatesi. Thumba la mnzake linasowa pamsewu pamene alimi ankadikirira lole. Wina anati anamuona mlimiyo pafupi ndi thumbalo. Anthu anathamangira kwake, ndipo pamene ankati atsegule pakamwa anamukuwiza, n'kuyatsa nyumba yake, n'kumuthamangitsa m'mudzi. Patapita masiku, woyendetsa lole anabweza thumba lija, kunena kuti analikweza molakwitsa.

"Anthu aja analakwa chiyani?" anatifunsa.

Tinayankha kuti analanga munthu wosaba.

"Nanga akanakhala kuti anabadi?"

Tinangoyang'anana.

"Ngakhale wakuba ali ndi ufulu woti amvedwe," anatero. "Mlandu umaweruzidwa pabwalo, osati ndi moto. Dziko lino lili ndi buku lalikulu la malamulo limene limaposa munthu aliyense, ndipo m'menemo muli mawu oti boma lidzalemekeza ufulu wa munthu. Ufulu umenewo ndi wa aliyense wa inu payekha. Kupemphera kumene ukufuna, kunena zimene ukuganiza, kugona m'nyumba mwako popanda mantha."

Ife ufulu tinkaudziwa ngati chinthu chimene timaimbira nyimbo ndi kuvinira mu Julaye. Zoti mwana ngati ine ndingakhale ndi ufulu wangawanga ndinazimva tsiku limenelo, ndipo zinandikomera kwambiri.

Lamlungu titabwera kuchokera ku Misa tinapeza mbuzi zadya kabichi kudimba. Bambo anati achemwali anga ndiwo anasiya chipata chosatseka, ndipo anathyola ndodo pamtengo wa pichesi. Achemwali ankati alankhule koma bambo anawakalipira kuti akhale chete.

"Bambo, simunawafunse," ndinatero ine. "Munthu ali ndi ufulu woti amvedwe asanalangidwe. Zili m'malamulo a dziko."

Amayi anagwetsa mbale imene ankatsuka. Bambo anatsitsa ndodo ija, n'kukhala pampando, n'kundiitana ndi mawu ofatsa amene sindinawamvepo kwa iwo.

"Bwera kuno, mwana wanga wanzeru. Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

Ndinawauza zonse, nthano yonse mpaka mafunso ake, ndikunyada. Achemwali sanamenyedwe tsiku limenelo, ndipo ndinkaona ngati ndapambana.

Lolemba m'mawa tili pa masamu chitseko chinatsegulidwa popanda odi. Analowa bambo anga ndi anyamata awiri a chipani, ahedi athu akutsatira pambuyo, nkhope ili pansi. Tonse tinaimirira kupereka moni koma palibe amene anayankha.

"Iwe, pita kutsogolo," bambo anandiloza. "Nena zimene unandiuza dzulo."

Ndinaima pafupi ndi bolodi. Ndinafotokoza modumphadumpha, ndikuyang'ana zala zanga zakumapazi.

"Wasiya za moto," anatero bambo. "Nena za moto."

Ndinanena za moto. Kenaka anatembenukira kwa aphunzitsi.

"Mayi, mlimi ameneyu ndi wa mudzi uti?"

"Ndi nthano chabe, a tcheyamani."

"Nanga oyatsa motowo ndani? Ndine?"

"Sindinatchule munthu aliyense."

"Boma linakutumiza kuno kuti uziphunzitsa masamu kapena kuti uziphunzitsa ana kuukira?"

Aka kanali koyamba kumva munthu akunena aphunzitsi kuti iwe, pamaso pa ana. Iwo sanakweze mawu.

"Ndinawauza zimene zili m'malamulo a dziko lino. Ngati ndi zolakwika, sindinalembe ndine."

Mmodzi mwa anyamata aja anamenya tebulo, choko n'kumwazikira pansi.

"Malamulo kuno ndi chipani," anatero bambo. "Onetsa khadi lako."

Aphunzitsi anatsegula chikwama chawo n'kupereka khadi ndi manja awiri. Bambo analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, sanapezepo cholakwika, n'kuliponya pansi. Anatiuza kuti mwana aliyense wobwereza nthano imeneyi makolo ake akayankha kuofesi ya chipani, n'kutuluka. Aphunzitsi anatola khadi lija, kulipukuta pachitenje, n'kutiuza kuti tipitirize samu yachitatu.

Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse unawatembenukira. Akafika pachitsime, amayi ankasuntha ndowa zawo n'kusiya kucheza. M'tchalitchi benchi limene ankakhala linkatsala lawo lokha ndi mwana wawo. M'mawa wina anapeza kabichi ndi mbatatesi zawo zonse zitazulidwa n'kuunjikidwa pakhomo. Makolo ena anayamba kuletsa ana awo kulowa m'kalasi mwathu, ndipo aphunzitsi anzawo ankadya okha kuofesi atatseka chitseko.

Nanenso ndinaona zanga. Makolo ankaopa bambo anga, koma ana sankandiopa ine. Ankanditcha kazitape. Ndikafika pamene atsikana akusewera fulaye, mpira unkaima. Wina anandithira madzi amatope m'chikwama, mabuku onse n'kuonongeka, ndipo sindinakanene kunyumba chifukwa ndinali nditaona zimene zimachitika ndikanena.

Tsiku lina masana ndinatola nkhuni kuphiri n'kupita nazo kunyumba kwa aphunzitsi. Ndinagwada pakhomo n'kuodira. Anatuluka, anayang'ana nkhunizo, kenaka anayang'ana kumsewu.

"Bwerera nazo," anatero. "Akakuona pano adzati ndikukuphunzitsa zina."

"Madamu, sindinadziwe."

"Ndikudziwa kuti sunadziwe. Koma usabwerenso pano."

Anatseka chitseko. Nkhunizo ndinakazitaya m'ngalande, ndipo njira yonse ndinkawakwiyira iwo, kukwiyira bambo, kudzikwiyira ndekha, osadziwa woyamba ndani.

Mwezi usanathe inabwera kalata yowasamutsira kusukulu ina yakutali, kuchigwa chotentha chakummwera. Palibe amene anabwereka ngolo yake. Anasenza katundu okha kupita kumsewu, maulendo awiri, mwana ali kumsana, anthu akusuzumira m'makonde. Ulendo wachitatu achemwali anga anatuluka m'nyumba osauza munthu, n'kukawasenzera matiresi ndi mapoto mpaka pamene anakwera lole yopita ku Linthipe. Achemwaliwo atabwerako, bambo anawamenya mpaka diso kutupa. Ine ndinaima pomwepo osanena kanthu.

M'malo mwawo munabwera bambo wina amene Lachisanu ankatiimbitsa nyimbo za chipani mpaka belu kulira.

Ndinakula, ndinakwatiwa ku Lilongwe, zipani zinachuluka, makhadi anatha. Bambo anakalamba, ndipo anthu odutsa pakhomo pawo analeka kuvula zipewa. Tsiku lina ndinapita kukawaona ndipo ndinawapeza akuothera dzuwa pakhonde, atafunda bulangete. Ndinawafunsa za aphunzitsi aja, funso limene ndinalisunga zaka zonsezo.

"Mayi uja ndinamuthandiza," anatero. "Akuluakulu a kuboma ankafuna akamutsekere. Ine ndinapita kukawachonderera kuti angomusamutsa, chifukwa anali ndi mwana."

"Nanga amene anakamuneneza kubomako ndani?"



"Ukufuna tiwerengane?" anatero. "Anayamba kunena ndiwe."

Ndinanyamuka osatsanzika n'kukakwera minibasi pa Linthipe. Ngati n'zoona kuti anakachonderera, sindikudziwa, ndipo onse amene akanandiuza anamwalira. Za aphunzitsi aja ndinafunsafunsa kwa anzawo akale, koma palibe amene anadziwa kumene anathera. Kwa bambo ndinabwererako patapita zaka ziwiri, akudwala. Ndinawasamala, kuwaphikira phala ndi kuwachapira zofunda mpaka tsiku limene anamwalira, ndipo nkhaniyo sitinaikhudzenso.