Soli za a Chidendene

Amalume anga amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anana ndi tebulo langa la magalasi owerengera. Akhala pakhondepo zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo msika wonse umawatcha a Chidendene. Munthu samuyang'ana kumaso, amangomvetsera mmene akupondera. "Akubwerayo ndi mayi wa sopo uja, chidendene chakumanzere chadyeka," amatero, mutu ali chizyolikire. Mukatembenuka mupezadi kuti ndi yemweyo. Ine amanditcha Pulasi, chifukwa tsiku lonse ndimakhalira kukuwa kuti pulasi wani, pulasi thuu, yesani nokha agogo, kutchula manambala a mphamvu ya magalasiwo.

Mpingo wathu utakonza ulendo wokalalikira kudziko lina, kumapiri, ine ndinalembetsa woyamba. Ntchito yanga inali yogawa magalasi mazana awiri kwa okalamba amene Baibulo ali nalo koma zilembo zinawathawa. Amalume analembetsa achiwiri. Ndi mkulu wa mpingo, ndiwo amawerenga Mawu Lamulungu lililonse, ndipo chibadwire anali asanatulukepo m'dziko.

Kutatsala sabata imodzi, masana msika utazizira, anabwera patebulo panga.

"Pulasi, tandiyesa timagalasi takoto."

Ndinayamba ndi pulasi wani. Anapukusa mutu. Ndinakwera mpaka pulasi folo, omalizira enieni, koma ngakhale chilembo chachikulu cha pamwamba pa khadi sanachione. Nditawayang'anitsitsa m'maso ndinaona zoyera, ngati dontho la mkaka m'madzi. Inali ng'ala, maso onse awiri.

"Amalume! Nanga kutchalitchi mumawerenga bwanji?"

"Buku ndimangoligwira. Mawuwo ali m'mutu muno."

"Nanga ulusi mumaulowetsa bwanji?"

"Zala zili ndi maso ake. Tamvera iwe, abusa usawauze, mayi akonso usawauze. Akamva andisiya. Kuchipatala tidzapita tikabwerako."

Ndinavomera. Mumtima ndinati si nkhani, ndizingowagwira mkono. Tsiku lonyamuka amayi anandikokera kuseri kwa basi n'kunena kuti, "Alongo angawo ndawapereka m'manja mwako. Ndinatsala nawo okhawo." Ndinayankha kuti musadandaule.

Pokonzekera ulendowu amalume analamula kuti aliyense abweretse nsapato zake amuikire soli ya tayala. Tinalipo khumi ndi anayi, ndipo anasoka mapeyala a nsapato khumi ndi atatu. Wotsalayo ndinali ine. Ndinali nditagula zanga zatsopano, zonyezimira, zoti kunja akaone kuti kwabwera anthu.

"Izo n'zopitira ku ukwati," anatero atazisisita kunsi. "Soli yake ili ngati sopo wonyowa."

"Amalume, inu mumafuna aliyense aziyenda ngati thirakitala."

Tinayenda masiku awiri pa basi. Titawoloka malire ndinaona mapiri amene sindinkadziwa kuti Mulungu analenga, lina litakwera pamsana pa linzake, mitambo ili m'chiuno mwake. Ndinkawanong'oneza amalume zonse, iwo n'kumabwereza mokweza ngati adzionera okha.

Mudzi umene tinkapitako unali pamwamba penipeni, kofikako ndi miyendo basi. Pakati pa ulendo njira inadutsa pamalo osemedwa m'thanthwe, opapatiza kuposa tebulo langa. Kumanja khoma lamwala, kumanzere phompho, ndipo mtsinje pansipo unkaoneka ngati ulusi woyera umene wagwa pa benchi. Ine ndinali kutsogolo, amalume atagwira lamba wa chikwama changa ngati akundithandiza kunyamula. Ndili ndi chizolowezi chowerenga chilichonse, choncho ndinawerenga mapazi: mazana anayi ndi khumi ndi awiri. Dzuwa linali likuwala, ndipo tinadutsa tikuimba.

Kumudziko tinakhala masiku atatu. Gogo wina atavala pulasi thuu ndi hafu anatsegula Baibulo lake lothetheka, n'kuyamba kuwerenga m'chinenero chawo misozi ikutsikira pa magalasi. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma nanenso ndinalira. Amalume anakhala pamwala panja pa tchalitchi, akusoka nsapato za mudzi wonse.

Tsiku lotsika, womasulira wathu anachenjeza kuti dzuwa likapendeka chifunga chimatsika, ndiye pofika masana tikhale titadutsa pathanthwe paja. Koma ine ndinali nditagawa magalasi zana limodzi ndi makumi asanu ndi anayi mphambu asanu ndi awiri. Atatu anatsala, ndipo ndinamva kuti kuli okalamba ena akubwera kuchokera kutsidya. Kubwerera ndi atatuwo kunkandiyabwa.

"Ife titsogole ndi azimayi oyenda pang'onopang'onowa," anatero abusa. "A mkulu, inu tsalani mumuyang'anire mtsikanayu, mutipeza."

Amalume anavomera ndi nkhope yowongoka. Okalambawo anafika patapita ola ndi theka.

Titafika pathanthwe paja kumwamba kunali kutayera kale. Pa phazi la makumi asanu ndi limodzi chifunga chinatikuta ngati wina watiponyera bulangete lonyowa. Phompho linasowa, njira inasowa, ngakhale dzanja langa ndinkaliona mwa apo ndi apo. Mwala unayamba kuchita thukuta. Pa phazi la makumi asanu ndi awiri mphambu limodzi, mwendo wakumanja unangoti tereree! Ndinagwa chokhala, mwendowo ukulendewera pamalo opanda kanthu. Chikwama chinavuka paphewa n'kupita. Ndinadikira kuti ndimve pamene chagwera. Sindinamve.

"Amalume!"

"Ndilipo. Lamba ndamutaya, koma ndilipo. Bweza mwendowo pang'onopang'ono. Usayang'ane pansi."

"Pansi pake sipakuoneka!"

"Ndiye bwino. Tafanana tsopano."

Ndinadziphatika kukhoma. M'mutu munkangomveka mawu a amayi kuseri kwa basi. Munthu wosaona ndinamubweretsa ndine, ndinamuchedwetsa ndine, ndipo maso amene ankadalira anali atatha ntchito. Ndinayesa kukuwa kuitana abusa, koma chifunga chinameza mawuwo.

Kenako ndinamva zingwe zikumasulidwa kumbuyo kwanga.

"Vula za ukwatizo. Vala izi. Umange zingwe kawiri, n'zazikulu."

"Nanga inu?"

"Ine phazi langa ndi soli yoyamba, anasoka Mwiniwake. Gona chafufumimba, dziphatike kumwala. Ndikudutsa."

Anandikwawa pamsana, bondo lawo likukhudza m'mphepete mwenimweni, timiyala tikugwa osamveka kofikira. Ndinatseka maso n'kumangoti Yesu, Yesu, Yesu. Atafika kutsogolo anaimirira, n'kundiuza kuti ndigwire lamba wa buluku lawo.

"Unawerenga pokwera, ndikudziwa. Atsala angati?"

"Mazana atatu ndi makumi anayi mphambu limodzi."

"Werenga mokweza."

Tinayamba kuyenda. Dzanja lawo lamanzere linkasisita khoma, phazi lililonse likuyamba lafufuza ndi zala lisanaponde, ngati mmene amafufuzira bowo la singano. Matayala aja ankaluma mwala, osaterereka. Ndinawerenga zana, mazana awiri, mazana atatu. Mtima unayamba kubwerera m'malo. Ndinafika pa makumi anayi mphambu limodzi, koma khoma linali likadalipo, ndipo mphepo yozizira inkakwerabe kuchokera kumanja. Ndinawonjezera makumi awiri. Ndinawonjezeranso makumi asanu.

"Amalume, tasochera! Nambala yakwana kalekale! Iyi ndi njira ina!"

"Njira ina ichokera kuti pamwala? Pulasi, pokwera paja unkaponda ngati mwini msika. Pano ukuponda ngati mwana wophunzira kuyenda. Mapazi a mantha ndi aafupi. Siya kuwerenga."

"Ndiye nditani?"

"Pemphera. Koma chamumtima, ine ndikumvetsera."

Ndinapemphera pemphero lopanda mutu. Sindinapemphe kuti chifunga chichoke, ndinangoti Ambuye, mukafuna kutenga wina, musayambe ndi iwowa. Ndikaponda ndinkamva kunata pansi pa soli, ndipo nditawerama ndinaona timadontho tofiira pamwala. Iwo sanadandaule ndi kamodzi komwe.

Mwadzidzidzi anaima. Ine sindinkamva chilichonse koma mtima wanga.

"Abusa!" anakuwa. "Imani pomwepo, musayandikire! Sitingapatukirane pano!"

Patapita kanthawi mawu anayankha m'chifungamo, chapafupi ndithu: "A mkulu? Mwandiona bwanji?"

"Misomali itatu ya kuchidendene chanu. Ndinakhoma ndine, paja mumakoka mwendo."

Abusa anali atabwerera kudzatifuna. Anatembenuka, ife tikutsata kulira kwa misomali yawo, mpaka khoma linatha ndipo ndinaponda udzu. Anali mapazi mazana asanu ndi limodzi mphambu asanu ndi atatu. Kuwerenga ndinali nditasiya ndi pakamwa pokha.

Anzathu anatizungulira, azimayi akulira, wina akung'amba mpango kuti amange mapazi a amalume. Abusa anatulutsa Baibulo m'jekete n'kuwapatsa.

"A mkulu, maso anuwo ndi a mphamba. Tiwerengereni Mawu tithokoze."

Amalume analigwira bukulo kanthawi, osalitsegula. Kenako analibweza.

"Abusa, ine sindiona. Chaka chino n'chachiwiri. Mulungu wandiyendetsa pamene paja, ndiye sindingaimenso pamaso pake ndi buku m'manja ngati ndikuwerenga."

Ine ndinati, "Ndinkadziwa, abusa. Ndinabisa nawo." Abusa anatiyang'ana awirife, n'kuyang'ananso kumene tinachokera, kenako anakhala pansi pa udzu wonyowawo. Atapuma anati, "Nenani a m'mutuwo, a mkulu." Amalume ananena, ndipo mawu awo, amene sananjenjemere paphompho, ananjenjemera pamenepo.

Titafika kwathu amayi anakhala masabata awiri osandilankhula. Ndinawaperekeza ndekha amalume kuchipatala, ndipo diso lakumanja analipala. Lakumanzere likudikira mwezi wa mawa. Tsiku limene anawamasula bandeji anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe Pulasi, phokoso lonse lija ndiwe wamfupi chonchi?"

Anabwerera pakhonde pawo, ndipo tsopano amavala pulasi thuu ndi hafu wa patebulo panga. Ine mpaka lero ndikamatsika masitepe onyowa a kumsika dzanja limafufuza khoma. Nsapato za ukwati zija zinatsala pathanthwe. Nditagula zina sindinazivale n'komwe, ndinangowoloka msewu n'kukaziika pa benchi pawo. Anazitembenuza, anazisisita kunsi ndi chala, n'kutenga mpeni ndi chidutswa cha tayala.