Nkhungu Zinandilanda Makiyi

Inu owerenga, ndikuvomera poyera kuti ndinatsala pang'ono kulepheretsa ana a eni ake kulandira madigiri chifukwa chofuna kuoneka wofunika.

Ndimagwira ntchito yosamalira makompyuta pa nthambi ya yunivesite ina kufupi ndi ku Senga Bay. Kwa zaka zambiri ndinali ndekha pa ntchitoyi. Seva, yomwe ndi kompyuta yaikulu yosunga malikisi a ophunzira onse, inkakhala mu ofesi mwanga, kiyi ali m'thumba mwanga, mapasiwedi ali m'mutu mwanga. Intaneti ikavuta, ngakhale mapulofesa ankabwera kudzandipempha atapinda manja. Anthu ankanditcha a Makiyi, ndipo ndisaname, dzinalo linkandikoma.

Kenako kunabwera mkulu watsopano wa zamakompyuta, Mayi Nachisale. Iwo analamula kuti ntchito iliyonse izidziwika ndi anthu awiri, seva isamukire m'chipinda chozizira chomwe anakonza n'kuikamonso seva ina yatsopano, ndipo Lachisanu lililonse zonse za mu seva zizikopedwa n'kutumizidwa ku likulu ku Lilongwe. Ine ndinangoona kuti mayiwa abwera kudzandichotsa ntchito. Pamsonkhano ndinkagwedeza mutu mwaulemu, koma za kusamutsa seva ndinkangoti sabata yamawa, mpaka miyezi itatu inatha.

Anandipatsa mnzanga wogwira naye ntchito, Mayi Kamanga ochokera ku Mzimba. Ndinawaphunzitsa chinthu chimodzi chokha, kukopa kwa Lachisanu kuja, chifukwa ndinkakuona ngati ntchito yotopetsa yopanda ulemu. Ndinkawaseka ndikawaona atakhala chete kudikira kuti kompyuta imalize, anzawo ataweruka kale.

Unafika mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalako ku Salima akudziwa mmene kumatenthera. Makina oziziritsira mu ofesi mwanga anali atafa kalekale, koma sindinanene poopa kuti andiuza kuti ndisamutse seva. Nzeru yanga inali yosiya zenera lotsekula. Lachisanu masana aphunzitsi anamaliza kulowetsa malikisi a omaliza maphunziro, oti akuluakulu akawavomereze Lolemba. Loweruka ndinapita ku ukwati ku Khombedza, zenera lili pululu.

Tsiku lomwelo nkhungu zinatuluka m'nyanja, tizilombo touluka tija timabwera ngati utsi. Lamulungu nditatuluka m'tchalitchi ndinadzera ku ofesi. Pansi ponse panali bii, ndipo munkanunkha ngati pathandala la usipa. Tizilombo tinali titadzaza m'mafani oziziritsa seva, seva n'kutentha mpaka kupsa. Ndinaiyatsa kasanu, osayaka.

Ndinakumbukira mayi ake a Esinati, amene amandigulitsa chambo ku Senga Bay. Mwana wawo anali m'gulu la omaliza, woyamba m'banja lonse kufika ku yunivesite, ndipo mayiwo anali atandionetsa kale nsalu yoti adzavale pa tsiku la madigiri. Ndikanawayang'ana bwanji kumaso?

Ndinaimbira Mayi Nachisale n'kuwauza zonse, za zenera ndi za makina akufa aja. Sanandikalipire. Anangofunsa ngati Mayi Kamanga anakopa Lachisanu. Ine sindinkadziwa n'komwe, chifukwa ndinali nditaweruka msanga kukasita suti. Nditawaimbira Mayi Kamanga, anayankha mofatsa kuti, “Ndinadikira mphunzitsi womaliza alowetse zake, bambo. Zonse zili ku Lilongwe.”

Ndinakhala pansi pomwepo, pamwamba pa nkhungu, ndi thalauzi la kutchalitchi.

Masana omwewo tinakumana atatu m'chipinda chozizira chija, mmene munali seva yatsopano yomwe ndinkaikana. Malikisi tinawakopa kuchokera ku Lilongwe, koma kuti makina ayambe kugwira ntchito pankafunika mapasiwedi a m'mutu mwanga aja. Ndinatenga pepala n'kulemba onse, osasiyako ndi limodzi lomwe, ndipo ndinawasonyeza Mayi Kamanga njira iliyonse yomwe ndinkabisa. Dzuwa lisanalowe mayina anayamba kuoneka. Ndinathamangira kufufuza la Esinati, ndipo linalipo, atakhoza bwino. Ndinakuwa ngati ndili ku mpira.

Lolemba akuluakulu anavomereza malikisi pa nthawi yake. Ine ndinalandira kalata yondichenjeza, ndipo inandiyenera. Koma Mayi Nachisale anandipatsanso ntchito yoyenda m'madipatimenti onse kusonkhanitsa malikisi omwe aphunzitsi ankasunga m'malaputopu awo ndi m'mafulashi, tizipangizo tosungiramo za pakompyuta tija. Wina akayamba kunena kuti sabata yamawa, ndinkangomufotokozera nkhani ya zenera langa, iye n'kutulutsa fulashi. Lero tili anthu anayi, aliyense amadziwa ntchito ya mnzake, ndipo amene ali ndi vuto amakalembetsa pa desiki imodzi popanda kugwadira munthu. Chaka chatha ndinapita kutchuthi kwa mwezi wathunthu, foni osalira, chinthu chomwe sichinachitikepo.

Inu owerenga, ngati kuntchito kwanu kuli chinthu chomwe mumadziwa nokha, phunzitsani mnzanu sabata ino. Musadzinamize ngati ine kuti kubisa kumateteza ntchito. Ine ntchito yanga inapulumutsidwa ndi kanthu kamodzi komwe ndinagawira mnzanga, ndipo ndinamugawira monyoza.

Pa tsiku la madigiri mayi ake a Esinati anavala nsalu ija, ndipo nthungululu zawo zinamveka mpaka kumsewu. Atandiona anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Zikomo a Makiyi, mwatisungira bwino za mwana wathu.” Ndinawatenga pa dzanja lomwelo n'kupita nawo pomwe panaima Mayi Kamanga.