Nkhunda ya m'chumuni cha alamu

Alamu anga ku Corby, kumaiko a azungu, ali ndi chitofu cha nkhuni. Tsiku lina chitakana kuyaka, ndinaponyamo jumbo mozemba, monga timayatsira mbaula kwathu. M'malo mokwera m'chumuni, utsi unabwerera m'nyumba, wakuda bii, wonunkha pulasitiki. Ana awo anayamba kutsokomola.

"Chikununkha chonchi n'chiyani?" anafunsa alamu.

"Mwina mwafera mbalame m'chumunimu," ndinanama, maso ali gwa.

Moto utazima, alamu anapisa dzanja m'paipi ya chumunicho. Ndinangoti kukamwa yasa atasolola nkhunda yowola, mphutsi zikuyoyokera pakapeti.

Mpaka lero amauza alendo kuti mphuno yanga siphonya. Ine ndimangomwetulira, ndikukumbukira jumbo yosungunuka ija. Ndinaipala mobisa ndi supuni yawo ya tiyi, supuniyo n'kuibwezera m'kabati osatsuka.