Viniga Wanga ndi Bulichi wa Bambo a Tadala

Chizindikiro choyamba chinali misozi. Linali Loweruka m'mawa, mwezi wa Julayi, nyengo imene mvula ya ku Perth imameretsa nkhungu m'makoma. Ndinali nditagwada m'bafa, zenera lili chitsekere chifukwa cha kuzizira, ndikuwaza viniga m'mizere ya matailosi. Maso anayamba kuwawa ngati ndikudula anyezi. Kenako kukhosi kunayamba kukanda, chifuwa n'kubana.

Migodi ya kumpoto itachepetsa antchito, amuna anga, bambo a Tadala, amene ankagwira ntchito kumeneko, anapeza ina kosungira katundu ku Welshpool, ndipo tinasamukira ku Armadale komwe lendi ndi yotsikirako. Ine ndimasamalira okalamba. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandiphunzitsa kupanga zotsukira m'nyumba zosawononga chilengedwe: viniga wothira madzi, soda, makoko a mandimu. Ndinatembenuka mtima kotheratu. Mabotolo onse a kusitolo ndinawathamangitsa. Bafa lathu linkawala moti amayi a Mvano akabwera kudzacheza ndinkayamba ndawalowetsa m'bafamo asanamwe tiyi. Anali atandipempha kale kuti ndikawaphunzitse kutchalitchi.

M'mawa umenewo ndinakwawa mpaka pakhonde. Bambo a Tadala anandipeza nditakhala pansi, misozi ili chuchuchu, mawu osatuluka. Anaganiza kuti ndatulukira zina zimene ankandibisira. Anagwada n'kuyamba kupepesa: nyama yosowa mufiriji ija anadya ndi iwo, osati mwana; Lamlungu lapitalo sanali kuovataimu, anali kumpira. Ndikati ndiwauze kuti mpweya ukundithera, pakamwa pankangotuluka kaphokoso ngati ka wezulo, iwo n'kuwonjezera tchimo lina. Kenako analowa m'bafa kukanditengera tishu. Anatuluka akutsokomola, nawonso misozi ili mbwee. Apo m'pamene anatsegula zitseko zonse n'kuimbira ambulansi.

Kuchipatala sanatidikiritse. Nesi anandiveka chigoba cha okosijeni, anandipanitsa kachipangizo pachala, kenako anandipatsa mankhwala a nthunzi otsegula chifuwa. Anandisambitsa m'maso ndi madzi ambiri. Tinadikira kujambula mapapo mpaka masana, ine pabedi, amuna anga pampando, atakumbatira chikwama changa.

Dokotala atabwera anafunsa chimene ndinkatsukira. Ndinanong'ona monyadira kuti viniga yekha.

"Viniga yekha sachita zimenezi," anatero. "M'nyumba mwanu mulibe bulichi?"

Ndinapukusa mutu mwamphamvu. Bambo a Tadala anakonza pakhosi, ndipo zonse zinatuluka. Botolo la bulichi, mankhwala amphamvu oyeretsera aja a kusitolo, linkakhala m'buti ya galimoto, pansi pa tayala la sipeya. Loweruka lililonse ine ndikapita kokagula masamba ku Canning Vale, iwo ankathira bulichi m'bafa, n'kutsukuluza ine ndisanabwere. Sankafuna kundikhumudwitsa, koma nkhungu inkawaopsa, poti oyendera nyumba za lendi sachedwa kulemba chenjezo. Tsikuli anathira molawirira poganiza kuti ndikunyamuka. Mvula inandibweza pageti iwo ali pafoni kugalaja, asanatsukuluze.

Dokotala anafotokoza modekha kuti bulichi akakumana ndi viniga amatulutsa mpweya wa poizoni umene umawotcha kukhosi ndi mapapo, ndipo m'chipinda chotseka ukhoza kupha munthu. Ine ndinkangoganiza za amayi onse aja amene ndinawaonetsa matailosi. Nesi anayang'ana makina n'kunena kuti, "Mayi, kuthamanga kwa magazi kwakwera mwadzidzidzi. Bambo, tayambani mwatuluka panja."

Anandigoneka kuti aone ngati mapapo sadzaza madzi. Usiku wonse ankabwera kudzandiyeza. Ndikagona chagada chifuwa chinkandidzutsa, ndipo mkwiyo utaphwa ndinachita mantha enieni: Tadala akanatha kulowa m'bafamo ine ndisanalowe. M'mawa mwake ananditulutsa ndi kampope kopumira.

Kutsokomola kunatenga milungu ingapo. Kuntchito ndinapuma, kukwaya mawu anga ankamveka ngati chitseko chopanda mafuta. Bambo a Tadala ankaphika, kuchapa ndi kuyenda mwakachetechete ngati mlendo. Mwini nyumba titamudandaulira anakonza fani ya m'bafa imene inali yakufa kuyambira tsiku limene tinalowa, ndipo nkhungu inachepa yokha.

Phunziro la kutchalitchi lija ndinakapereka m'mwezi wa Seputembala, ndipo ndinanena zonse osabisa. Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti, koma titamaliza, awiri ananditengera pambali n'kuulula kuti nawonso amasakaniza mankhwala kuti akhale amphamvu.

Lero ndili bwino. Mapapo anawayezanso, ali bwinobwino, ndipo kampope kaja ndinasiya. Ndikupangabe zotsukira zanga, koma ndimadziwa malire ake: viniga ndi wa magalasi ndi ketulo, soda ndi wa sinki, sopo wamba amagwira ntchito zambiri. Botolo lililonse ndimalilemba dzina.

Kwa anzanga ndikuti, bulichi musamusakanize ndi china chilichonse kupatula madzi, ndipo muzitsegula mazenera potsuka. Musanawaze kanthu, funsani a m'nyumba mwanu ngati athirapo kale china. Maso akayamba kuwawa, kukhosi kukanda, kapena mpweya kubanika, tulukani panja nthawi yomweyo n'kuitana thandizo. Musayambe mwamaliza kutsuka. Ine ndinatsala pang'ono kubwereramo, chifukwa pakona panali patatsala kamzere kamodzi.