Poyanika pa Alamu Anga

Alamu anga, mlongo wawo wa malemu amuna anga, ankachapira anthu zovala. Mumsewu mwathu ankangowatchula kuti Amasopo. Zala zawo zinali zosupuka, msana wopindika, koma pakamwa pokha panali pakuthwa.

Kuseri kwa nyumba zathu kunali bwalo la udzu, ndipo ndi pomwe ankayanika. Nsalu zapabedi ankaziyala pansi n'kutsindira miyala m'makona, malaya pa zitsamba. Chipinda chawo chinali chimodzi, chopanda khonde, choncho bwalolo ndilo linkawadyetsa. Lamulungu lokha sankagwira sopo. Ankati, "Mwini dzuwa anapuma, ndiye ine ndine yani?"

Akukhonsolo atafuna kuona chimene dera lathu likusowa, anabwera Lamulungu, ati kuti apeze anthu pakhomo. Anapeza bwalo lili mbee, lopanda chovala n'chimodzi chomwe, ife tili kutchalitchi. Pamsonkhano, mkulu wawo anati malowo akungokhala, choncho adzalapo maluwa n'kuika mipando kuti apindulire aliyense.

Alamu anakweza dzanja. "Bwana, aliyenseyo ine ndilimo?"

Anthu anaseka. Wometa tsitsi anakuwa, "Khalani pansi, Amasopo, nanunso mudzanunkhizako maluwa!"

"Ndanunkhiza masokosi ako zaka zonsezi, mwana iwe. Mphuno inafa kale."

Mkulu uja nayenso anaseka, n'kunena kuti dandaulo lamveka.

Mpanda unamangidwa, pachipata anaikapo mlonda. Alamu anamanga zingwe m'chipinda mwawo, n'kumagona pansi pa nsalu zodontha. Zovala zinayamba kununkha chinyezi, eniake n'kumachoka mmodzimmodzi. Nthawi yamvula chifuwa chinawalowa. Ndinawapempha kuti asamukire kwanga.

Anandifunsa, "Alamu, kwanuko kuli dzuwa?"

Kunalibe. Zenera langa limayang'anana ndi khoma.

Anachapa mpaka sabata imene anagonekedwa m'chipatala, ndipo sanabwereko. Ambuye awalandire.

Maliro atatha, ndinachapa bulangete lawo n'kulinyamula kupita kubwalo kuja. Maluwa anali atamasuladi, ofiira, okongola. Pamipando panalibe munthu. Nditangoliponya pampanda, mlonda anafika atavula chipewa.

"Pepani mayi, malemuwo ankandichapira inenso. Koma mabwana akaona, ntchito yanga yatha."

Ndinalichotsa. Ndinakaliyanika m'chipinda chawo, pa zingwe zawo zomwe zija. Mwininyumba atabwera kudzatenga makiyi, linali lisanaume.